Zilumba za kwa Santhe

Ndaziona anatambasula mapu pa boneti ya galimoto,
n'kutsindira m'makona ndi miyala, mphepo ya Juni ingawaulutse.
Anati: bambo, taonani nyanja iyi.
Ine ndinaona ziputu za fodya, mapesi, zigafa,
msewu wa ku Lilongwe utagona pakati.
Anati: nyanjayo ndi yomweyo. Zilumba ndi izi.
Pensulo yake inagunda timadontho tobiriwira,
tisanu ndi tiwiri.
Ndinawerama. Onsewo anali manda.

Pa kadontho kachitatu pagona mayi anga.

Nkhwangwa inadya mombo, inadya muwanga,
inatsetsereka mpaka m'mbali mwa Bua,
koma itafika pogona anthu inagwidwa manyazi.
Mbalame zinathawira kwa akufa.

Ine kale ndinali wa ulimbo, legeni pakhosi.
Ndinkadziwa nthambi yomwe pumbwa amatera dzuwa likapendeka,
ndinkadziwa mtengo wa mpheta khumi tsiku la msika.
Ntchito anandilembera mlandu womwewo.

A Bizaliele, mkulu wa adzukulu, anatizengereza masabata awiri,
kenako anati: lowani m'bandakucha,
osaloza chala, osaponda mtumbira,
chomwe mwagwira mubweze.

Ukonde wopyapyala ngati utsi, pakati pa mkuyu ndi mtowa.
Mame m'nsapato.
Choso woyamba anakodwa tambala asanatsike,
mtima wake ukuthamanga m'chikhatho mwanga,
magalamu asanu ndi anayi, sikelo inatero.
Ndaziona anamuveka kamphete kumwendo, nambala m'buku,
anauzira nthenga za pamimba kuona ngati akufungatira,
n'kundiyang'ana.
Kutsegula dzanja ndinakuphunzira mochedwa.
Zala zinkakana, zinazolowera kufinya.

Funso lake linali limodzi basi:
kodi zimawoloka?
Mtunda wonsewo wopanda nthambi yopumirapo,
kabawi akuzungulira pamwamba?
Zikapanda kuwoloka, anati, zidzakwatirana pachibale
mpaka mazira onse adzasukuluka.

Miyezi isanu ndi inayi. Mabuku atatu.
Lina mvula inalinyowetsa, lina chiswe chinalawa.
Mbalame iliyonse tinkaipeza kumanda kwake komwe,
ngati mkamwini wopanda ya basi.
Nkhulukulu zinali zinayi, kenako zitatu.
Nthenga zofiira pansi pa msuku, mwala wosalala pambali.
Sindinafunse kuti ndi mwana wa yani.
Ndinaudziwa mwalawo, ndinasankhapo otere.

Lachiwiri lina mu Malichi, fodya atafika m'chifuwa,
pa kadontho kachitatu panakodwa mwiyo wamkazi.
Mphete ali nayo kale.
Ndaziona anawerenga nambala, anawerenganso,
anakhala pansi m'matope osayang'ana.
Wa ku chilumba chachisanu ndi chimodzi, kutsidya kwa dambo!

Sitinafuule. Kumanda safuula.
Ndinamugwira kupitirira nthawi yomwe buku limalola,
mapazi khumi kuchoka pomwe agona mayi,
ndipo chamumtima ndinati: amayi, kwabwera mlendo.

Anadzera kuti?
Tinayenda njirayo masana, tikuganiza ngati mbalame.
Chulu chokhala ndi chitsamba pamutu.
Mango awiri a pasukulu.
Mpanda wa nkhadze wa Nasikelo,
amene anakana kuudula ngakhale alamu ake anautukwana.
Bulugamu mmodzi wopindika, woiwalika ndi acheka.
Basi. Njira yonse inali imeneyo.

Ndaziona anabwerera ku Zomba ndi mabuku ake,
foni amaimba mwezi ukatha.
Ine ndili ndi machubu mazana atatu kuseri kwa bafa,
mkuyu, mtowa, katope pang'ono.
Mbuzi zadyapo makumi anayi.
Ndimakumba m'malire a minda, komwe eni ake alola,
ndipo ena salola.

Odutsa amaima, njinga atatsamiritsa pantchafu:
mukupanga chiyani, akulu?
Ndimati ulalo.
Amayang'ana uku, amayang'ana uko,
kufunafuna madzi.